Habu ya Kumbuyo

Zinayamba ndi kaphokoso, kho, kho,
ndikukwera mtunda wochokera kudooko
nsomba makumi atatu zili m'bokosi kumbuyo.
Injini inkalira bwino, tcheni chinkazungulira,
koma matayala ankayamba aganiza kaye
asanavomere kuyenda.

Kuno ku Kuskokwim misewu yathu ndi matabwa
oyalidwa pamwamba pa dambo,
ndipo njinga yamoto ya matayala anayi
ndiyo ngolo, ndiyo ambulansi,
ndiyo inanyamula bokosi la bambo chaka chatha.

Evon, mlongo wanga, anaikweza pa zigubu ziwiri.
Anagwira gudumu la mano, naligwedeza.
Linavomera mbali zonse
ngati dzino la mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi.
Si tcheni ayi, anatero. Ndi habu.

Nati yaikulu inakana.
Tinaithira mafuta, tinaiwotcha, tinaitukwana,
kenaka Evon analowetsa sipanala m'paipi yaitali
ine n'kuimirira pamwamba pake
ndi thupi langa lonse ndi nsapato zamatope.
Inalira kamodzi, n'kugonja.
Udzudzu unali utatimwa kale mokwanira.

Habu itavuka ndinaloza tochi m'kati.
Timizere tija togwira ekiselo,
tomwe tinabadwa takuthwa m'mbali,
tinali titasalala ngati mwala wa mumtsinje.
Fumbi lofiira linatsalira pa chala changa:
ndiwo mano ake amenewo, zaka khumi ndi zinayi,
nkhuni, madzi, nyama, ana a sukulu.

Ndipo pakati pa dzimbiri panagwa kanthu.
Kachidutswa ka chitini cha khofi,
kodulidwa mokhota, kopyapyala ngati khungu la nsomba,
zilembo ziwiri zofiira zikuonekabe.
Evon anakatola. Sanayankhule.
Tonse tinkadziwa amene ankamwa khofi ameneyo,
amene ankadula zinthu ndi dzanja lamanzere.
Sanatiuzepo kuti anatsegulapo muno.

Habu yatsopano ili ku Anchorage,
mtengo wake mafuta a mwezi wathunthu,
ndipo ndege ya ku Bethel sinatere
masiku asanu ndi anayi chifukwa cha nkhungu.
Nsomba sizidikira ndege.

Tingowotcherera basi, anatero Evon,
igwirane ndi ekiselo mpaka kalekale.
Ndinati, nanga beringi ikadzafa
udzaitulutsira pati?
Udzadula ekiselo yonse ndi sowo?
Anandiyang'ana monga ankachitira tili ana
ndikamupambana pa makhadi.

Choncho ndinalowa m'nyumba,
ndinakhuthulira khofi m'poto wouma,
chitini n'kutuluka nacho.
Ndinadula timalamba tinayi.
Evon anapala timizere ndi tupa yaing'ono,
kamodzikamodzi, akuuzira fumbi,
lilime lili pakona pa kamwa.
Tinakuta ekiselo, tinapaka girizi,
habu n'kuikhomera ndi thabwa ndi hamala,
pang'ono uku, pang'ono uko,
mpaka kulira kwake kunasintha,
kuchoka pa chigubu chopanda kanthu
kufika pa chinthu chimodzi.

Inali cha m'ma leveni usiku,
dzuwa likadali lendelende pamwamba pa dambo.
Galu wa a Nastasia ankatiyang'ana
ngati woyang'anira ntchito.

Ndinagwedeza gudumu. Zii.
Ndinagwedezanso ndi manja awiri. Zii.

Ifika mpaka mtsinje utaundana, anatero Evon,
kapena sifika.
Anapukuta manja pa thalauza,
anatenga kachidutswa kakale kaja
n'kukaponya m'bokosi la zipangizo,
m'chipinda cha mabawuti osadziwika kwawo.
Kenaka anakatulutsanso.
Sindinaone kumene anakaika.

Ndinaliza injini, ndinatsika kudooko.
Matabwa ankagunda pansi panga monga mwa masiku onse.
Ndinkamvetsera kumbuyo njira yonse,
khosi litapendekeka,
mpaka ndinapitirira bwato lathu
n'kukakhotera pa bwato la eni.